Sabata yodwalira pakhomo: zoyenera kuwerengetsa, ndi zomwe madokotala akale ankalakwitsa

Munthu akatentha thupi kuno ku Kasungu, apabanja sachedwa kugamula kuti ndi malungo. Nthawi zambiri amalondola, makamaka kuyambira Januwale mpaka Epulo madambo a Bua ndi Dwangwa atadzaza madzi. Koma chimfine cha mu Juni, zilonda zapakhosi, chibayo, tayifodi ndi matenda a m'chikhodzodzo zonse zimayamba mofanana: mutu, kuzizidwa, kuphwanya m'thupi. Dzanja la pamphumi silingasiyanitse zimenezi. Choncho sabata yodwalira pakhomo iyambire kuchipatala, mukayezetse magazi, kenako mubwerere kudzagona. Zomwe tafotokoza pano ndi za munthu amene wayezedwa n'kuuzidwa kuti akachirire kunyumba, komanso za amene akumudwazika. Khanda losakwana miyezi iwiri lomwe latentha thupi, mayi woyembekezera, ndi gogo amene wasiya kudya ndi kumwa sali m'gulu limeneli, awo ndi akuchipatala tsiku lomwelo. Tathiramo ndi tinkhani ta makedzana, poti wodwala amatopa n'kuyang'ana denga.

Kuyezetsa ndi kumwa LA

Kachipangizo koyezera malungo ka mRDT kamafuna kadontho kamodzi ka magazi a pachala ndipo kamayankha pa mphindi 15 mpaka 20. Kuzipatala zaboma, kaya chachikulu cha pa Boma, ku Santhe, ku Chulu kapena ku Wimbe, kuyezetsa n'kwaulere. Zipatala za CHAM monga St Andrew's ku Mtunthama ndi Nkhamenya zimalipiritsa pa zithandizo zambiri. Mwana wa miyezi iwiri mpaka zaka zisanu akhoza kuyezedwa ndi mlangizi wa zaumoyo pakiliniki ya m'mudzi. Nyamulani kabuku ka kuchipatala, chifukwa kachipangizoka kali ndi khalidwe lina lomwe ambiri salidziwa: kamapitiriza kuonetsa mizere iwiri kwa masabata angapo malungo atatha kale. Amene anamwa LA, mankhwala a malungo, posachedwa n'kutenthanso thupi afunika kuyezedwa ndi maikulosikopu, ndipo dokotala amadziwira m'kabukumo.

Malungo akapezeka, LA amaperekedwa potengera sikelo, osati zaka. Wolemera makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi pa ulendo, 15 mpaka 24 awiri, 25 mpaka 34 atatu, ndipo 35 kupita m'mwamba anayi. Maulendo ake ndi 6 pa masiku atatu, kutanthauza kuti munthu wamkulu amamaliza mapiritsi 24. Ulendo wachiwiri umabwera patatha maola 8: mukamwa 10 koloko m'mawa, bwerezani 6 koloko madzulo, kenako mawa ndi mkuja m'mawa ndi madzulo. Lembani ndi khala pakhoma kapena ikani alamu pafoni, chifukwa mutu wa wodwala susunga maola.

M'piritsili muli mankhwala awiri ogwira ntchito mosiyana. Artemether amapha tizilombo tambiri mwachangu n'kutuluka m'thupi pa maola ochepa. Lumefantrine amatsala masiku angapo kusesa totsalira, koma salowa bwino m'magazi m'mimba mukakhala mopanda mafuta. Ndiye imwani LA ndi kapu ya mkaka, phala lotsira nsinjiro, peyala, kapena ndiwo zokazingira. Khanda liyamwe likangomwa. Vuto lomwe limachitika kwambiri ndi ili: tsiku lachiwiri munthu amapeza bwino chifukwa artemether wagwira ntchito, n'kusunga mapiritsi otsala kuti adzathandize mwana mtsogolo. Tizilombo totsala tija timachulukananso, ndipo pakatha sabata ziwiri kapena zitatu munthu wagonanso. Wodwala akasanza pasanathe mphindi 30 atamwa, abwereze ulendowo, ndipo wina akatenge mapiritsi olowa m'malo. Akamasanza chilichonse, zapakhomo zatha, akufunika jakisoni wa artesunate.

Dzina lachizungu la malungo linachokera ku Italy, komwe mal'aria ankatanthauza mpweya woipa, poti ankakhulupirira kuti matendawa amabwera ndi fungo la m'madambo. Dambolo analiona bwino, koma anaphonya udzudzu. Kachilombo ka malungo kanaonedwa koyamba m'magazi mu 1880 ndi Alphonse Laveran ku Algeria, ndipo Ronald Ross anakapeza m'mimba mwa udzudzu pa 20 Ogasiti 1897 ku India. David Livingstone, amene anadutsa kuno kwa Mwase mu 1863, analibe chidziwitso chimenechi. Ankadalira mapiritsi ake osakaniza kwinini ndi mankhwala otsegula m'mimba, kuphatikizapo calomel yemwe ali ndi mercury, ndipo anadzagulitsidwa ndi dzina loti Livingstone's Rousers. Bishopu Charles Mackenzie wa ku Magomero anataya mankhwala ake bwato litagubuduzika pa Shire mu Januwale 1862, ndipo mwezi womwewo usanathe anamwalira ndi malungo pafupi ndi mathiriro a Ruo.

LA amene mukumwayu mizu yake ili ku China. Boma la kumeneko linayambitsa kafukufuku wachinsinsi pa 23 Meyi 1967, ndipo mayi wina wasayansi, Tu Youyou, anapeza chinsinsi m'zolemba za sing'anga Ge Hong za zaka pafupifupi 1,600 zapitazo, zonena kuti chitsamba cha artemisia achiviike m'madzi n'kufinya, osachiwiritsa. Anazindikira kuti moto ndiwo unkawononga mankhwalawo, anayamba kuwasefa osatenthetsa kwambiri, anawayesa pa iye mwini, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Izi sizikupereka chilolezo chomwera tiyi wa artemisia wa kuseri kwa nyumba m'malo mwa LA. Mphamvu ya m'masamba imasinthasintha, simungadziwe mlingo, ndipo mlingo woperewera umaphunzitsa tizilombo kupirira. Malawi amazidziwa zimenezi: mu 1993 linali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kutenga Fansidar chifukwa tizilombo tinali titamuzolowera, ndipo mu 2007 Fansidar nayenso analowedwa m'malo ndi LA.

Kutentha thupi

Ngati muli ndi thermometer, ikani kukhwapa kouma. Kuyambira 37.5 ndiye kuti thupi latentha. Yezani m'mawa, masana ndi usiku, mulembe kuseri kwa kabuku pamodzi ndi nthawi yomwe wodwala wamwa mankhwala. Nambala ya 37 yomwe aliyense amaitchula inakhazikitsidwa ndi Carl Wunderlich wa ku Germany mu 1868 atayeza odwala pafupifupi 25,000 ndi chipangizo chotalika ngati lula ya kusukulu, chomwe chinkakhala kukhwapa mpaka mphindi 20. Kakafupi kolowa m'thumba kanapangidwa ndi Thomas Allbutt ku England zaka zomwezo.

Panado wa munthu wamkulu ndi mapiritsi awiri a 500 mg maola 6 aliwonse, osapitirira 8 pa maola 24. Wochepa thupi wosakwana makilogalamu 50, womwa kwambiri mowa, ndi wodwala chiwindi achepetse, limodzi pa ulendo. Mwana amalandira 10 mpaka 15 mg pa kilogalamu iliyonse, choncho wa makilogalamu 10 amwe 5 ml ya mankhwala amadzi olembedwa 120 mg/5 ml, kapena kota ya piritsi la akulu. Chenjerani ndi mapiritsi a chimfine ndi a mutu ogula pagolosale, ambiri ali ndi paracetamol m'kati, ndipo munthu amapyola mlingo osadziwa. Chiwindi chikamawonongeka ndi Panado sichipweteka tsiku loyamba, chimadzaoneka patatha masiku awiri kapena atatu. Aspirin musapatse mwana wosakwana zaka 16. Brufen amwedwe mutadya, ndipo asamwe amene ali ndi zilonda zam'mimba, woyembekezera, kapena amene akutsegula m'mimba n'kuuma thupi, chifukwa amapweteka impso.

Munthu wonjenjemera amapempha mabulangete atatu. Mpatseni limodzi, kunjenjemera kukatha mumfundule, atsale ndi chitenje. Mukafuna kumupukuta, madzi akhale ofunda pang'ono, osati ozizira a m'mtsuko, omwe amangoyambitsanso kunjenjemera. Mwana akakomoka mugonekeni chammbali, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu, ndipo nyamukani.

Kutemera mphini kuti magazi oipa atuluke si nzeru ya kwathu kokha. George Washington, pulezidenti woyamba wa America, anadwala pakhosi mu Disembala 1799, ndipo madokotala ake anamukhetsa magazi kanayi, oposa malita awiri mwa malita pafupifupi asanu omwe munthu wamkulu amakhala nawo. Anamwalira pa 14 Disembala usiku. Malungo amaphwanya kale magazi, ndiye lumo limangowonjezera vuto, osanenanso za kafumbata ndi HIV. Chodabwitsa china n'chakuti malungo anakhalapo mankhwala. Kuyambira 1917, Julius Wagner-Jauregg wa ku Vienna ankabaya dala magazi a malungo kwa odwala chindoko chomwe chafika ku ubongo kuti kutentha thupi kuphe tizilombo ta chindokocho, kenako n'kuwachiza ndi kwinini. Ena ankachira, ena ankafa, iye analandira Nobel mu 1927.

Madzi

Pa sabata yonseyi, ntchito yaikulu ya wodwazika ndi kumwetsa. Munthu wamkulu wotentha thupi amwe malita awiri kapena atatu patsiku, pang'onopang'ono: madzi, tiyi wopepuka, thobwa losasasa, msuzi. Muyeso wake ndi mkodzo. Ukakhala woyera ngati madzi a mandimu zili bwino, ukakhala wachikasu chakuda komanso wochepa, wonjezerani. Mwana akatha maola 6 kapena 8 osakodza, maso alowa, liwombo labonkha, akulira popanda misozi, thupi lauma kale.

Kukabwera kutsegula m'mimba, madzi okha sakwanira. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Lita ndi mabotolo awiri a madzi ogula a 500 ml. Musayerekeze ndi maso, ndipo musagawe paketi pakati. Thanzi akasowa, pa lita imodzi thirani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Lawani: asawawe mchere kuposa misozi. Mchere wochuluka ukhoza kukomola mwana, shuga wochuluka amakoka madzi kulowa m'matumbo n'kuwonjezera kutsegulako, n'chifukwa chake Fanta ndi Sobo sizingalowe m'malo mwa Thanzi. Mwana wosakwana zaka ziwiri apatsidwe 50 mpaka 100 ml akangochita chimbudzi, wa zaka ziwiri mpaka 10 apatsidwe 100 mpaka 200 ml, wamkulu amwe mmene angathere. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambirenso ndi supuni imodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Otsala pakatha maola 24 tayani. Mwana alandirenso zinc, 20 mg patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, theka lake ngati sanakwane miyezi 6, ndipo amalize ngakhale kutsegulako kutasiya. Kuyamwitsa kusalekeke.

Chifukwa chake shuga ndi mchere ziyenera kuyendera limodzi n'chakuti m'matumbo muli tizitseko tomwe timalowetsa mchere pokhapokha uli ndi shuga, ndipo madzi amatsatira mcherewo. Tizitsekoti timagwirabe ntchito ngakhale pa kolera. Umboni waukulu unaoneka mu 1971 pamsasa wa othawa nkhondo ku Bangaon, m'malire a India ndi Bangladesh. Madiripi atatha, dokotala Dilip Mahalanabis anayamba kusakaniza shuga ndi mchere m'migolo n'kuuza achibale kuti azimwetsa odwala awo ndi makapu. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 aliwonse kufika pa osakwana anayi.

Chimbudzi chamadzi oyera ngati otsukira mpunga, chotuluka mosalekeza, ndi kolera mpaka atatsutsa achipatala. Imapha pa maola ochepa, ndipo mliri wa 2022 ndi 2023 unatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Yambani Thanzi pomwepo, wodwala azimwa ali pakabaza kapena pangolo. Chimbudzi chamagazi nachonso n'chakuchipatala.

Madzi akumwa athiridwe WaterGuard, kachivindikiro kamodzi pa ndowa ya malita 20, mudikire mphindi 30, kapena awiritsidwe mpaka abwate. Madzi a pamjigo amakhala abwino potunga koma amaipira m'nyumba, kapu imodzi ikamaviikidwa ndi manja a aliyense. Chigubu chokhala ndi kamwa yaing'ono chimaposa ndowa yotsegula. Mu 1854 ku London, kolera inapha anthu oposa 600 m'dera limodzi la Soho. John Snow anajambula mapu a nyumba za omwalira n'kupeza kuti zazungulira mjigo umodzi wa pa Broad Street, ndipo akuluakulu anachotsa chogwirira chake. Pambuyo pake zinadziwika kuti madzi ochapira matewera a khanda lodwala ankatayidwa m'dzenje lomwe linali pafupifupi mita imodzi kuchokera pachitsimecho. Chimbudzi chanu chitalikirane ndi chitsime mamita 30. Kusamba m'manja nako kunavuta kukhulupirira. Ignaz Semmelweis atalamula mu 1847 kuti madokotala a ku Vienna azisamba ndi madzi a chlorine asanagwire amayi obereka, imfa zinatsika kuchoka pa 18 pa 100 aliwonse mu Epulo kufika pafupifupi awiri. Anzake anaona ngati wawanyoza kuti ndi auve, ndipo iye anafera m'chipatala cha odwala misala mu 1865. Kwa ife sopo ndi mponda giya pakhomo pa chimbudzi n'zokwanira, bola madzi akhale othirirana, osati beseni limodzi banja lonse.

Chimfine ndi chifuwa

Magazi akapezeka opanda malungo, mphuno zikutuluka mamina, pakhosi pakukanda, ndiye kuti mwina ndi chimfine, ndipo chimatenga masiku 7 mpaka 10. Kutsokomola kumatha kutsalira sabata ziwiri. Mamina akasanduka achikasu kapena obiriwira si chizindikiro choti pakufunika makapisozi. Amoxicillin ndi Bactrim zimapha mabakiteriya, chimfine ndi vairasi, ndiye kugula makapisozi anayi pamsika kumangotsegula m'mimba n'kuphunzitsa mabakiteriya a m'thupi mwanu kupirira. Pamene Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa kuno, ankamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry ku America mu 1937, jakisoni wa penicillin kunalibe. Mu 1941 ku Oxford, wapolisi Albert Alexander anali m'gulu la oyamba kubayidwa. Mankhwalawo anali ochepa kwambiri moti madokotala ankawasefanso kuchokera mumkodzo wake n'kumubayanso. Anayamba kuchira, mankhwala anatha patatha masiku asanu, ndipo anamwalira. Alexander Fleming yemwe anatulukira penicillin anachenjeza kale mu 1945 kuti kumwa moperewera kudzapangitsa tizilombo kusamva mankhwala.

Zothandiza n'zapafupi. Pakhosi, sungunulani theka la supuni ya tiyi ya mchere m'kapu ya madzi ofunda, muzichukucha n'kulavula katatu kapena kanayi patsiku. Pa chifuwa, supuni imodzi kapena awiri a uchi m'madzi ofunda a mandimu pogona, koma khanda losakwana chaka lisalawe uchi. Mankhwala amadzi a chifuwa ambiri saposa uchiwo, ndipo mbiri yawo si yabwino: mu 1898 kampani ya Bayer inayamba kugulitsa heroin, mankhwala ozunguza bongo, ngati mankhwala a chifuwa, chaka chimodzi isanatulutse aspirin. Kufukiza ndi masamba a bulugama kumatsegula mphuno kwa kanthawi koma sikupha kachilombo kalikonse, ndipo ana ambiri amapsa ndi poto wa madzi owira pansi pa bulangete. Ana musawafukize. Chinanso cha mu Juni ndi Julaye: mbaula yamakala isagone m'chipinda chotseka. Mpweya wake sununkha, umayamba ndi mutu ndi chizungulire zomwe mungaziyese matenda omwewo, kenako munthu sadzuka.

Chofunika kuphunzira ndi kuwerenga mpweya wa mwana. Adekhe kaye, musawerenge akulira. Vulani malaya, yang'anani pamimba, werengani kwa mphindi yathunthu pafoni. Wa miyezi iwiri mpaka 11 akafika 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zisanu akafika 40, ndi chibayo, ndipo apa amoxicillin wa kuchipatala ndiye malo ake. Pansi pa nthiti pakamalowa m'kati pokoka mpweya, musadikire kuti kuche. Wamkulu amene akubanika mpaka kulephera kumaliza chiganizo, kapena akumva kubaya m'nthiti popuma, nayenso apite.

Odzazonda ndi mwambo wathu ndipo wodwala amalimba mtima akaona anthu, koma pa chimfine mphasa iyalidwe pakhonde kapena pansi pa mtengo, osati m'chipinda. Makanda ndi agogo apereke moni ali patali. Mazenera atsegulidwe masana, kapu ndi mbale za wodwala zikhale zakezake, ndipo usiku agone m'neti ngakhale ali ndi malungo kale, kuti udzudzu usatenge kwa iye n'kupatsira ana. Kupatula odwala kunayamba kalekale: mu 1377 mzinda wa Ragusa, womwe lero ndi Dubrovnik ku Croatia, unalamula kuti ochokera kumadera a mliri azidikira masiku 30 asanalowe. Kenako masikuwo anafika 40, omwe m'Chitaliyana ndi quaranta, ndipo mawu oti quarantine omwe tinawamva nthawi ya Covid-19 anachokera pamenepo. Chimfine cha 1918, chomwe chinafikanso ku Nyasaland kumapeto kwa chakacho, chimatchedwa cha ku Spain ngakhale sichinayambire kumeneko. Spain sinali pankhondo, ndiye manyuzipepala ake ankalemba momasuka, mpaka za kudwala kwa mfumu yawo Alfonso XIII, pomwe maiko omenyana ankabisa.

Matenda a m'munda wa fodya

Nyengo yothyola fodya imakumana ndi nyengo ya malungo, ndipo pali vuto lina lomwe limasokonezedwa ndi malungo. Masamba onyowa ndi mame kapena mvula amatulutsa nicotine yemwe amalowa pakhungu, makamaka kukhwapa komwe anthu amapanira masamba. Patatha maola angapo munthu amamva nseru, kusanza, chizungulire, mutu ndi kufooka, kawirikawiri thupi osatentha. Avule zovala zonyowazo, asambe ndi sopo, agone, amwe madzi kapena Thanzi. Zimatha pa tsiku limodzi mpaka atatu. Kupewa kwake ndi kudikira masamba aume, kuvala malaya a manja aatali ndi pulasitiki pamwamba, ndi kusintha zovala zikanyowa. Ana asagwire ntchitoyi konse. Koma ngati munthuyo anapopera mankhwala a mbozi, ndipo akuchucha dovu, thukuta, misozi, mwana wa diso wachepa ngati nsonga ya singano, imeneyo ndi poizoni. Musamumwetse mkaka kapena kumusanzitsa, thamangani naye pamodzi ndi botolo la mankhwalawo.

Fodya yemweyu ku Ulaya anafika ngati mankhwala. Jean Nicot, kazembe wa France ku Portugal, anamutumiza kunyumba yachifumu cha m'ma 1560 kuti azichiza mutu, ndipo dzina la nicotine n'lake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, bungwe la Royal Humane Society la ku London linaika m'mbali mwa mtsinje wa Thames mabokosi okhala ndi mvukuto ndi kapaipi, kuti munthu womira akavuulidwa azimupopera utsi wa fodya kumalo ochitira chimbudzi, ati kuti atenthedwe n'kutsitsimuka. Mchitidwewu unayamba kuzilala Benjamin Brodie ataonetsa mu 1811 kuti nicotine ndi poizoni ku mtima.

Kudya, kudzuka, ndi tsiku lachitatu

Musalimbane ndi wodwala kuti amalize nsima. Mpatseni pang'ono kasanu kapena kasanu n'kamodzi patsiku: phala la mgaiwa lotsira nsinjiro kapena soya, nthochi, mbatata yophika, mpunga wa msuzi wa nkhuku, dzira, papaya. Njala imabwerera yokha, ndipo mwana akachira awonjezeredwe chakudya chimodzi patsiku kwa sabata ziwiri. Amene ali pa ma ARV, mankhwala a TB, a BP kapena a khunyu asadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Wa shuga amene akusanza kapena sakudya akafunse kuchipatala tsiku lomwelo za mlingo wake.

Kugona tsiku lonse n'koyenera masiku awiri oyamba basi. Kuyambira lachitatu dzukani, khalani pampando, yendani mpaka pakhonde, sambani madzi ofunda. Podzuka yambani mwakhala mphindi imodzi, chifukwa ambiri amagwa ndi chizungulire popita kuchimbudzi usiku. Pa kafukufuku wa mu 1966 ku Dallas ku America, anyamata asanu a zaka 20 anagonekedwa pabedi sabata zitatu ali bwinobwino. Atayezedwanso patatha zaka 30, zinapezeka kuti sabata zitatu zija zinafooketsa mtima ndi mapapo awo kuposa zaka 30 za kukula. Agogo ndiwo amafooka msanga, ndipo amene sangadzitembenuze muziwatembenuza maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda pamsana ndi m'chiuno.

Tsiku lachitatu ndi lowunika. Pa LA, thupi liyenera kukhala litazizira pofika nthawi imeneyi. Ngati likutenthabe, kapena linazizira n'kuyambiranso, bwererani. Zina sizidikira n'komwe tsiku lachitatu: kubwebweta kapena kugona kosadzutsika, khosi louma, maso achikasu, zikhatho ndi m'zikope moyera, mkodzo wakuda ngati Coca-Cola, kukomoka, mwana kukana bere. Konzeranitu mayendedwe masana, nambala ya wakabaza kapena wa njinga yamoto ikhale m'foni yochajidwa, chifukwa matenda amakonda kukula pakati pa usiku.

A m'midzi yoyandikana ndi paki ya Kasungu, ndi onse olowamo, akumbukire kaodzera. Nkhalango ya Kasungu inayamba kutetezedwa mu 1922 anthu atasamutsidwamo chifukwa cha matendawa, n'kudzakhala paki mu 1970, ndipo kashembe, ntchentche yofalitsa matendawa, akadalimo. Pomwe waluma pamatha kutuluka chotupa chowawa patatha sabata imodzi kapena ziwiri, kenako kutentha thupi ndi mutu zofanana ndendende ndi malungo. mRDT siona kaodzera. Munthu wotentha thupi amene LA sakumuthandiza anene yekha kwa dokotala kuti amakhala kapena anapita kufupi ndi paki, kuti magazi akaonedwe pa maikulosikopu. Mtundu wa kuno umathamanga, umapha pa masabata kapena miyezi yochepa, koma mankhwala alipo. Chifuwa chopitirira sabata ziwiri, thukuta la usiku ndi kuwonda, kaperekeni makhololo, kuyeza TB n'kwaulere.

Olembedwa ntchito atenge chikalata cha dokotala tsiku loyamba lomwelo, chifukwa chofuna pambuyo chimavuta. Lamulo la ntchito la Employment Act limati amene wagwira miyezi 12 mosalekeza ali ndi ufulu wa tchuthi chodwala cha sabata zinayi pa malipiro onse ndi sabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, bola aonetse chikalatacho. Mwana abwerere kusukulu atatha tsiku lathunthu osatentha thupi popanda Panado. Wogulitsa zakudya amene anatsegula m'mimba adikire masiku awiri chisiyireni. Mlimi amene wachira malungo magazi ake amakhala asanabwerere, choncho sabata yotsatira ayambe ndi ntchito za pamthunzi monga kusoka fodya m'chigafa, ndipo khasu aligwire m'mawa wokha, aweruke dzuwa lisanafike pamutu.